Tenson Daka ndi Khanda la Pachifuwa

Kuno ku Kanakantapa, mukamwa madzi pakhomo pa munthu n'kufunsa kuti chitsime anakumba ndani, nthawi zambiri adzakutchulirani Tenson Daka. Changa chomwe anakumba ndi iyeyo. Ine ndine Doris, ndimalima lepu ndi matimati, ndipo pakhomo panga ndi pa a Daka palekana ndi kamsewu chabe. Tenson ndinamuona akufika kuno ali kamnyamata ka kabudula, makolo ake atasamuka ku Katete kudzafuna malo olima. Bambo ake anamwalira iye asanamalize sukulu, ndiye anasiya makope n'kutenga piki.

Ndi munthu wamtali, wa mapewa otambalala, ndipo salankhula. Ukamupatsa moni amayankha bwinobwino, koma nkhani imathera pomwepo. Zikhatho zake n'zouma ndi zong'aluka, moti akakugwira chanza umakhala ngati wagwira njerwa. Mnzake Jonas, amene amatsala pamwamba kukoka ndowa ya dothi Tenson akamakumba pansi, amakonda kunena kuti, "Uyu akamba chabe na miyala."

Mkazi wake, Wendy, anakamupeza ku Nkomeshya, komwe anapita kukakumba chitsime pamudzi wina. Wendy ndiye ankawabweretsera munkoyo woti amwe masana. Akatula chigubu sankachoka ayi. Ankagwada m'mphepete mwa dzenje n'kumacheza ndi munthu ali pansiyo, kumufunsa za kwawo, za amayi ake, ngati m'dzenjemo simuopsa. Tenson analibe kothawira. Mpaka lero Wendy amaseka n'kumati ukwati wawo anaukumba ndi iye, poti akanadikira kuti mwamunayo atsegule pakamwa, bwenzi imvi zitamupeza pakhomo pa makolo ake.

Mimba yoyamba inapita padera. Wendy, yemwe mawu ake tinkawamvera kutsidya kuno kwa msewu, anatha dzinja lonse ali zii. Yachiwiri itabwera sanauze munthu, tinangoona tokha chitenje chikuchepa.

Unali mwezi wa Juni, mphepo ija yong'amba milomo itafika, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. M'mawa wina ndinapita kukabwereka sefa, ndipo ndinapeza Wendy atakhala pakhonde atagwira mutu, nkhope itatupa, mapazi osalowa m'mapatapata. Anati akuona zinthu ngati pali utsi. Ine ndi apongozi ake, mayi Rosaria, tinamuperekeza kukiliniki. Nesi atamuyeza sanachedwe, anati magazi akuthamanga kwambiri ndipo apite kuchipatala chachikulu pa ambulansi. Mayi Rosaria anakwera naye. Ine ndinathamangira kumene Tenson ankakumba, pafamu ina cha kunjira ya ku Kasisi.

Ndinagwada pakamwa pa chitsime. Pansi sindinkaona kanthu, ndinkangomva piki ikulira.

"Tenson! Choka mmenemo! Wendy bamupeleka ku chipatala!"

Piki inaleka. Ndinangoona chingwe chakungika, kenako mutu wake watulukira, matope mpaka m'makutu. Sanasambe n'komwe. Anatola shati n'kuyamba liwiro lopita kumsewu, Jonas akumulondola pambuyo nsapato zake zili m'manja.

Zimene zinachitika kuchipatala ndinazimva kwa Wendy ndi kwa apongozi ake, ndipo pang'ono chabe kwa mwini wakeyo. Madokotala anachita opaleshoni tsiku lomwelo. Mwana anali wamkazi, wosakwana makilo awiri, khungu lopyapyala loonetsa timitsempha. Anamuika m'kabokosi kagalasi kofunda, timachubu tili m'mphuno. Tenson anamuonera pawindo. Akuti anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anatembenukira amayi ake.

"Amai, uja ndiye wathu?"

"Ndi yemweyo, mwanawe."

"Azakula?"

Mayi Rosaria anangokoka chitenje n'kuphimba pakamwa.

Wendy anali wofooka, chilonda chikumuwawa, magazi akadali kukwerakwera. Tenson ankakhala pabenchi panja pa chipinda cha makanda kuyambira m'mawa mpaka alonda atamuuza kuti nthawi yatha. Patapita masiku, mwana atayamba kupuma yekha bwino, nesi wa chipindacho, mayi wachangu dzina lake Jennifer, anatuluka n'kuima patsogolo pake.

"Ndimwe batate ba mwana wa ba Wendy?"

"Ndine."

"Bwelani. Musambe m'manja mpaka m'zigongono, ndiye muvule shati."

Tenson anayang'ana amayi ake, n'kuyang'ananso nesiyo. "Nivule shati?"

"Ee. Mwana wanu wakwana kuchoka m'kabokosi. Manje mwana wobadwa msanga sakwanisa kusunga kufunda m'thupi yekha, amazizira mwamsanga. Afunika chifuwa cha munthu, khungu na khungu, nthawi zonse. Bamake bakali kudwala, bangakwanise pang'ono chabe. Imwe chifuwa muli nacho chikulu, chingonkhala chabe pa benchi."

Tenson anatambasula zikhatho. "Ba sista, onani manja aya. Niphwanya nayo miyala. Nizamuthyola."

"Simuzamuthyola. Nkhalani apa."

Anamukhazika pampando wotsamira, n'kubweretsa khandalo litavala thewera, kachipewa ndi timasokosi basi. Analigoneka chafufumimba pakati pa chifuwa, mutu kumwamba, timiyendo titapinda ngati ta chule, nkhope itapendekera kumbali kuti mphuno izipuma. Kenako anamanga chitenje kuzungulira onse awiri. Njira imeneyi kuchipatalako amaitcha kangaru.

Akuti Tenson anauma gwa, kuopa ngakhale kupuma mokoka, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira. Patapita kanthawi anamva tizala tikukanda pang'onopang'ono pakhungu lake, ndi kamtima kakugunda mofulumira ngati ka nkhunda. Ndiyeno, poti thewera linali lalikulu kwa mwini wake, panadutsa kanthu kofunda n'kutsetsereka mpaka palamba.

"Ba sista," ananong'ona, "wanikodzela."

"Ni bwino maningi," anatero Jennifer. "Ndiye kuti mkaka ulowa, na m'kati zonse zigwila nchito."

Azimayi onse a m'chipindamo anafa nacho chiseko. Wendy naye anaseka atagwira pachilonda, koyamba chilowereni m'chipatala.

Kuyambira tsiku limenelo ankalandirana, Wendy pang'ono, Tenson nthawi yaitali. Mwanayo analibe mphamvu zoyamwa, ndiye Wendy ankafinyira mkaka m'kakapu, Tenson n'kumagunditsa kakapuko pamlomo wa m'munsi kuti mwana azinyambita yekha, osamuthira. Poyamba mkaka wina unkatayikira m'khosi. Jennifer sankakalipa, ankangoti, "Futi, yesaninso." Anawaphunzitsa kugwira timapazi kuti adziwe ngati wazizira, kuona ngati maso kapena khungu zayamba chikasu, kumvetsera kapumidwe. Anawauzanso kuti azimulankhula.

"Amvela?" anafunsa Tenson.

"Anayamba kumvela akali m'mimba. Kambani naye, ubongo ukula na mau."

Mchombo utagwa, amayi ake a Wendy anaimba foni kuchokera ku Nkomeshya n'kupereka dzina lakuti Lushomo, limene kwawoko limatanthauza chikhulupiriro. Sikelo itayamba kukwera tsiku ndi tsiku, ndipo mwana ataphunzira kugwira bere, anawatulutsa. Anawalangiza kuti kangaru apitirize kunyumba, ndipo akaona chachilendo chilichonse abwerere osadikira mawa.

Kuchipatala mayi Rosaria ankangoyang'ana, poti kunali kwa eni ake. Atafika pakhomo anamasuka.

"Za kuchipatala zatsala kuchipatala," anatero ataima pakhomo la nyumba ya mwana wawo. "Kwathu mwamuna sagwira khanda lanthete chotere, thupi lake ndi lotentha. Ndipo taonani liwombo mmene likugundira. Mankhwala opaka ndapeza kale. Timumwetsenso timadzi, kukhosi kwamuuma."

Ine chimudziwireni Tenson ndinali ndisanamumvepo akutsutsa amayi ake. Anayang'ana pansi, dzanja lili kumsana kwa kamwanako kunja kwa chitenje.

"Amai, kutentha kwamene uko ndiye afuna. Liwombo lizatseka lokha, anati tisaikepo kanthu. Na madzi iyai, mkaka wa amake chabe, muli zonse."

"Ndiye iwe wandiposa nzeru, ine amene ndinakulera?"

"Iyai, amai. Niyopa chabe."

Mayi Rosaria anatembenuka n'kupita kunyumba kwawo, kumapeto kwa bwalo lomwelo. Anatha masiku angapo osaponda pakhonde la mwana wawo. Nkhuni ankatumiza, ndiwo ankatumiza, koma iwo ayi.

Tsiku lina masana ndinali pomwepo ndikuthandiza Wendy kuchapa matewera. Tenson anali pakhonde mwana ali pachifuwa. Tinaona mayi Rosaria akubwera ndi lichero la mtedza. Anakhala chapatali pang'ono n'kuyamba kusenda. Anasenda, anasenda, kenako analankhula maso ali palichero.

"Iwe Tenson, si ndiwe woyamba. Usanabadwe iwe kunali wina, wamkazi. Anabwera msanga ngati uyu, nthawi yozizira ngati ino. Tinamukulunga m'mabulangete, tinasonkha moto m'nyumba. Atate ako sanaloledwe ngakhale kusuzumira. Ine ndinkaopa kumunyamula, ndimati ndimupweteka. Anazizira ali m'mabulangete momwemo. Sitinamutche dzina."

Wendy anasiya kuchapa, manja ali m'beseni. Tenson nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

"Palibe anatiuza kuti timuike apa," anatero mayiwo akugunda pachifuwa pawo ndi chala. "Palibe."

Nkhuku zinayamba kutola mtedza palichero, osaziingitsa munthu. Ndinkaganiza kuti Tenson apepesa kapena awatonthoza, koma iye anangodzuka pang'onopang'ono n'kupita pamene anakhala amayi ake.

"Amai, msana wanipweteka. Munganilandileko?"

Mayi Rosaria anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakutumula makoko pachitenje, anapita kukasamba m'manja ndi sopo, n'kulowa m'nyumba. Wendy ndiye anawamanga. Anakhala pampando mpaka dzuwa kupendeka, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, misozi ikutsikira pakachipewa ka mdzukulu wawo. Za mankhwala a liwombo sitinazimvenso. Kuyambira pamenepo olandirana anakhala atatu.

Imeneyo inali nyengo ya chilimwe, pamene madzi amatsika pansi ndipo aliyense amafuna wokumba chitsime. Jonas ankabwera kawirikawiri n'kuima pampanda.

"Tenson, banthu batifuna. Ukankhala pa nyumba bazapeza bena."

"Bapeze."

"Manje iwe uzankhala so mpaka liti, monga nkhuku yofungatila mazila?"

"Mpaka akule."

Nkhani inafika kugolosale, kumene amuna amakhala madzulo. Tenson akapita kukagula sopo atavala jekete lalikulu pamwamba pa chitenje, ankamufuulira kuti, "Ba Daka, mimba yakula! Ni mwezi uti?" Iye ankangogula sopo wake n'kubwerera, akuyenda pang'onopang'ono ngati wasenza madzi odzaza. Ntchito zolemera anazisiya. Ankatong'ola chimanga, kudyetsa nkhuku, kuluka mitanga yanga ya matimati imene inang'ambika.

M'mawa wina ndikuthirira mbewu kufupi ndi mpanda, ndinamva mawu a mwamuna akulankhula motsitsa, osalekeza. Ndinaganiza kuti kwabwera mlendo. Nditasuzumira ndinaona Tenson yekha akuzungulira bwalo, chibwano chili pachifuwa.

"Ukayamba, upeza dothi yakuda, ija yofewa. Pansi pake pali yofiila, ija ivuta, imamatila ku piki. Ukapitilila upeza tumiyala. Ukaona tumiyala twanyowa, dziwa kuti madzi ali pafupi. Pamene apo osathamanga. Wamvela, mama?"

Anamufotokozera za chingwe, za mmene kumwamba kumaonekera ngati kambale ukakhala pansi penipeni, za Jonas amene amagona pamwamba ndowa ikudikira. Zaka zonse zimene ndakhala moyandikana naye sindinamumvepo akulankhula mawu ochuluka chotero. Ndinabwerera kumbewu zanga mwakachetechete kuti asandione.

Chakumapeto kwa Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pakati, kunachitika zimene tonse tinkaopa. Ndinali pasiteji m'mawa ndi mabokosi anga a matimati ndikudikira minibasi, ndipo ndinaona Tenson ndi Wendy akubwera mofulumira, Wendy akumanga duku ali m'njira.

"Akana bele," anatero Wendy. "Walefuka chabe."

"Sapuma mwamene apumila masiku onse," anatero Tenson. "Athamanga, na pa nthiti palowa m'kati."

Minibasi inafika itadzaza kale, koma tinadzipanikiza n'kukwera tonse. Kondakitala, poona chimunthu chachikulu cha jekete, anayamba kumukankhira kumpando wakumbuyo, dzanja lili pachifuwa pake penipeni. "Bakulu, sendelani kumbuyo, banayi banayi pa mpando!"

"Osanikankha! Muli mwana muno!"

Mawuwo anamveka ngati bingu. Ngakhale Wendy anadzidzimuka. Tenson anatsegula jekete pang'ono, ndipo panaoneka kachipewa ndi kankhope kosaposa chikhatho cha kondakitalayo. Mayi wina amene anakhala kutsogolo anatsika osauzidwa n'kumupatsa malo. Dalaivala anazimitsa wailesi. Windo la mbali imeneyo linali losweka, ndipo bambo wina, mmodzi mwa aja ankamuseka kugolosale, anavula jekete lake n'kulitchinga ndi manja ulendo wonse kuti fumbi lisalowe. Anthu ankaimitsa basi m'njira, dalaivala osaima. Maenje a msewu wathu uja ankawazemba ngati wanyamula mazira. Palibe anadandaula. Anakatitsitsa pageti penipeni pa chipatala, kumene minibasi sifika.

Chinali chibayo, koma chinali chitangoyamba kumene. Anagona masiku angapo m'chipatala mwana akulandira mankhwala, ndipo Lushomo anayambanso kuyamwa. Atabwerako, kugolosale kunalibenso wofunsa za mimba. Ankangoti, "Ba Daka, kamwana kali bwanji?"

Koma m'nyumba munatsala chinthu china chimene ife akunja sitinachione msanga. Wendy anachira chilonda, koma sanabwerere mwakale. Ankagwira ntchito zake ali chete. Lushomo akayamba kulira madzulo, monga amachitira makanda, Wendy ankamuyesa bere, kumuyendetsa, kumusisita kumsana, osatonthola. Tenson akangomulandira n'kumuika pachifuwa, mwana phee. Kusikelo nako Wendy ankaona ana obadwa pambuyo pa wake akumwetulira kale ndi kudzutsa mutu, wake akungoyang'ana ndwii.

Tsiku lina akuanika zovala anangokhala pansi pafupi ndi chingwe n'kuyamba kulira. Ine ndinali kutsidya, ndipo ndisanawoloke msewu Tenson anali atafika kale.

"Wendy, ni chani?"

"Mwana uyu sanidziwa," anatero. "Ninakangiwa kumusunga m'mimba mpaka nthawi yake. Manje na panja pano afuna imwe. Saseka, sanipenya. Ine nili chabe monga botolo ya mkaka."

Tenson anakhala pansi pafumbi pomwepo, moyang'anana naye. Anaganiza kaye, monga amachitira.

"Amake Lushomo," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumumva akumuitana choncho. "Pali chinthu sininakuuzeni. Mukakamba imwe, olo muli ku chitsime, uyu amatembenuka. Nimvela apa, mutu uyenda kufuna kwamene muli. Nikakamba ine amagona chabe. Kambani muone."

"Nikambe chani?"

"Chilichonse. Imwe mau simusowa."

Wendy anapukuta m'maso, anasendera kumbali n'kuitana motsitsa, "Lushomo. Lushomo, mwana wanga." Tenson anatsitsa chitenje pang'ono. Kamutu kanagwedezeka, kanakhuza tsaya pachifuwa cha bambo ake, n'kutembenuka movutikira mpaka timaso tinapeza kumene kunkachokera mawuwo. Wendy anaphimba pakamwa ndi manja onse awiri.

Tenson anamasula mfundo n'kumupatsa mwanayo. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kupeza zifukwa zochokera pakhomo masana. Mwina ati akukaona mbuzi, mwina ati akukathandiza Jonas kunola piki. Mwana akalira sankafulumiranso kumulandira. Ankatenga beseni la matewera n'kupita nalo kuchitsime, kusiya mayi ndi mwana apezane okha. Mayi Rosaria nawo anatenga ntchito yophika kuti mpongozi wawo azigonako masana mwana akagona.

Za kuchedwa kumwetulira anakamufunsa Jennifer tsiku lopita kukaonetsa mwana. Iye anawauza kuti asamamuyerekeze ndi ana obadwa pa nthawi yake.

"Uyu anabwela miyezi iwili isanakwane. Mukapenda msinkhu wake, muzichotsako ija miyezi. Anzake banali kukula m'mimba, eve anali kukula pa chifuwa. Azaseka pa nthawi yake. Koma imwe ba Wendy, mtima ukapitiliza kulema, mubwele tikambe. Chimachitika kuli bazimai bambili, si mlandu."

Lushomo anamwetulira mu Okutobala, kutentha kutafika pachimake. Wendy ankamusambitsa pakhonde m'beseni, akumuimbira kanyimbo ka kwawo ku Nkomeshya. Tinangomva kukuwa, "Batate ba Lushomo! Amai! Ba Doris! Bwelani!" Tinathamanga tonse mitima ili m'mwamba, kuganiza kuti kwagwa china. Tinapeza mwana ali m'manja mwa amayi ake, madzi akudontha, kakamwa kopanda mano kali tseketseke. Tenson anawerama n'kuyesa kumuseketsa, koma mwanayo anangomuyang'ana mwaulemu n'kubwezera maso kwa amayi ake, n'kumwetuliranso.

"Mwaona?" anatero Tenson. Nkhope yake inali yowala kuposa ya wina aliyense pamenepo.

Pofika nthawi imeneyo kangaru anali atatha. Lushomo ndiye anamuthetsa yekha. Atanenepa anayamba kukana chitenje, kupalasa timiyendo, kutulutsa manja, kulira akamangidwa. Kuchipatala anati chimenecho ndicho chizindikiro chakuti wakwana. Khosi litalimba, Wendy anayamba kumubereka kumsana ngati ana ena onse. Tenson anabwerera kuzitsime mvula isanagwe. Jonas akuti masiku oyamba ankayendabe pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa, mpaka iye kumukumbutsa kuti, "Iwe, mulibe munthu umo, tiye."

Zina zonse zinabwera, chilichonse mochedwerako pang'ono. Lushomo anayamba kugwira chala cha agogo ake n'kuchikokera kukamwa. Anadzigubuduza pamphasa tsiku lina n'kudabwa yekha. Anakhala pansi atamutchinjiriza ndi mapilo, analawa phala n'kulavulira Wendy kumaso, anamera mano awiri akumunsi n'kutilirira sabata yathunthu. Kukwawa anayamba chobwerera m'mbuyo, ndipo akafika pansi pa tebulo ankakwiya ngati wina wamuikapo. Atangoyamba kukwawa, Tenson anaumba chivundikiro cha simenti pachitsime cha pakhomo, ndipo masiku ano samaliza chitsime cha munthu osafunsa ngati pakhomopo pali mwana wamng'ono. Kuyenda anayenda anzake onse atayamba kale kuthamanga, koma anayenda.

Tenson ndi yemwe uja, wosalankhula. Kutchalitchi amakhala kumbuyo, pamisonkhano satsegula pakamwa. Koma mwezi wathawu kunabwera mnyamata wina pakhomo pake, dzina lake Teddy, wokhoma malata wa cha ku Kasisi. Anaima pampanda chipewa chili m'manja, maso ofiira. Mkazi wake anali atabereka mapasa ang'onoang'ono, ndipo Jennifer anamuuza kuti chifuwa chimodzi sichikwana ana awiri. Teddy anachita mantha n'kuthawa m'chipindamo. Jennifer anamupeza panja n'kumulozera njira ya ku Kanakantapa.

"Bakuti imwe munachitako," anatero Teddy. "Ine bakulu niyopa. Tung'ono maningi."

"Na ine ninayopa," anatero Tenson. "Vula shati."

Analowa m'khitchini n'kutuluka ndi dzungu laling'ono ndi chitenje cha Wendy. Anamukhazika Teddy pampando, anamuika dzungulo pachifuwa, n'kumusonyeza pomanga mfundo, pogwira akafuna kudzuka, ndi mokhalira chotsamira kuti mwana asatsetsereke. Anamuuza kuti adzuke, ayende mpaka pamtengo wa mango, awerame ngati akutola kanthu. Dzungu linagwa kawiri. Kachitatu linakhala.

Teddy anapukuta thukuta n'kuseka pang'ono. Anafunsa ngati angabwereke chitenjecho, ndipo Wendy anamupatsa china chatsopano, chochapa kale, n'kumuikiranso mtedza m'kapepala woti akapatse mkazi wake. Tenson anamuperekeza kusiteji. Ndinawaona akutsika ndi kamsewu, mnyamatayo akufunsa mafunso motsatizana, Tenson akuyankha limodzilimodzi.

Dzungu linatsala pabwalo. Lushomo anapita n'kuyesa kulinyamula, linamukanika. Analikankha, linagubuduka pang'ono, iye n'kugwa chamatako. Anadzuka, analiyang'ana mokwiya, kenako anangokhalapo ngati pampando n'kuyamba kuitana nkhuku.

"Choka apo iwe," anatero Wendy akubwera ndi mpeni. "Icho ndiye chakudya chathu cha masana."